Wani Amene Sanali Nambala

"Azakhali, makinawo tawasiyani kaye. Tamuyang'anani mwanayu ndi maso anu."

Sibongile anali atamutsitsa mwana kumsana n'kumukhazika patebulo penipeni, pakati pa kompyuta ndi kapu ya tiyi wozizira. Zefaniya sanalire. Sanasuzumire n'komwe chinthu chowalacho monga ankachitira ana ena. Anangokhala duu, mutu utapendekeka, tsitsi lofiirira ngati ndevu za chimanga. Timanja tinali towonda, koma mapazi otupa.

Mayi Bernadetta anamuyang'ana ndithu, koma mwachangu, n'kubwezera maso pagalasi la kompyuta.

"Ndalembamo kawiri konse, mwana wanga. Miyezi sikisitini, makilo seveni poyinti wani. Taona wekha apa."

Sibongile sukulu anailekeza msanga, koma mawu awiri a pagalasipo ankawadziwa maonekedwe ake. Lalifupi linali ALANDIRE, lalitali linali ASALANDIRE. Limene linali pamenepo linali lalitali. Pamwamba pake, pamene pankayenera kukhala nambala ya mwana, panali tizilembo titatu tokha: NaN.

"A Nani akananso," anatero Sibongile. Amayi onse obwera pamalopo makinawo ankawatchula choncho, chifukwa cha tizilembo timeneti.

Kameneka kanali kaofesi ka bungwe lina lothandiza ana onyentchera, kuseri kwa msika wa pa boma la Dedza. Chaka chinali cha 1998, mwezi wa Febuluwale, nkhokwe zili pululu, chimanga chikungoyamba kumasula m'minda. Kale ufa wa likuni unkagawidwa ndi maso. Munthu ankayang'ana mwana n'kunena kuti uyu alandire, uyu ayambe wadikira. Koma matipate atabwera aliyense anapeza pakamwa. Anthu anayamba kunena kuti ufa ukupita kwa abale a ogwira ntchito ndi kwa ovala nsalu za chipani chakutichakuti. Nkhani inafika kwa azungu othandiza, iwo n'kuti basi, aziweruza ndi makina, poti makina alibe mlamu. Anatumiza mnyamata wa ku Lilongwe, dzina lake Ignasio, amene anakonza katsamba pakompyuta. Ukalemba miyezi ya mwana ndi kulemera kwake n'kudinda batani, pankatuluka nambala, pansi pake chigamulo.

Nanga ndani akanawaposa Mayi Bernadetta pa ntchito yolembayo? Anakalambira pa taipilaita mayi amenewa, kutaipa mayeso a ana asukulu ndi zolengeza za kutchalitchi, osayang'ana zala n'komwe. Pa moyo wawo ankanyadira zinthu ziwiri, kuti sankalakwitsa potaipa ndi kuti sankakondera. Tsono lero patebulo pawo panali mdzukulu wawo, mwana wa Sibongile, yemwe anali mwana wa mchimwene wawo weniweni.

"Ndanyamuka kusanache, azakhali," anatero Sibongile motsitsa mawu. "Kuchokera kumtunda kwa Bembeke uko wapansi, nkhungu ili tolo, mwana akungonjenjemera kumsana. Bambo ake chipitireni ku maesiteti a fodya, zii. M'nyumba tikudya nkhwani zopanda nsinjiro. Kathumba kamodzi kokha. Chibale ndi fupa."

"Sichiola, ndikudziwa. Koma..."

Pabenchi ya pakhonde panali amayi ena akudikira, makutu ali tcheru. Mmodzi wa iwo anatsokomola dala n'kuyankhula mokweza ngati akuuza mnzake.

"Lero ndiye tiona ngati a Nani alidi opanda mbale. Ine wanga anamukana sabata yatha, ndinabwerera chimanjamanja. Tiyeni tione wa azakhali."

Amayi ena anaseka, kuseka kwa anthu anjala, kopanda chisangalalo. Nkhope ya Mayi Bernadetta inatentha. Mtima unkawauza china, koma manyazi ndi kunyada zinagwirizana n'kuutseka pakamwa.

"Makina akuti mwana ali bwino," anatero mokweza kuti pakhonde pamveke. "Ndikakupatsa iwe, awa ndiwauza chiyani? Ubwerenso mwezi wamawa tidzamuyezenso."

Anapisa m'chikwama n'kutulutsa chigumu chimene anasungira nkhomaliro. Sibongile anachiyang'ana kanthawi. Njala ilibe ulemu, anachilandira ndi manja awiri, n'kubereka mwana wake. Sanatsanzike.

Madzulo a tsikulo, anthu atatha, Mayi Bernadetta anapita kwa a Gervazio, mkulu wa ofesiyo. Anawapeza m'sitolo akusisita matumba a likuni amene anali atafika kudenga.

"Abwana, ndifunsenso. NaN ameneyu kwenikweni amatanthauza chiyani? Ana ena amene akutuluka nayeyu, kuwaona ndi maso, mtima sukhala pansi."

A Gervazio anali munthu wosadziwa kunena kuti sindikudziwa. Anakonza tayi.

"Amayi, ndinakuuzani kale. N ameneyo ndi nomo, ndiye kuti mwana ali bwinobwino. N wachiwiriyo ndi wotsindika chabe. Maso ndi amene anatipalamulira milandu chaka chatha. Taonani matumba atsalawa! Ndiye kuti kunyentchera kwachepa m'dera lathu. Azungu akamva adzatiombera m'manja."

"Koma anankafumbwe ayamba kale kutiombera," anatero Mayi Bernadetta, akuloza kaufa kamene kankathothoka pansi pa thumba lina.

A Gervazio anaseka. Mayi Bernadetta nawo anaseka pang'ono, n'kupita kunyumba. Kunena zoona, yankholo analilandira chifukwa ankalifuna. Linawalola kudya madzulo amenewo.

Masabata anadutsa, mvula ikuwaza usana ndi usiku, kuzizira kwa ku Dedza kukulowa mpaka m'mafupa. Tsiku lililonse a Nani ankabweza amayi, ndipo tsiku lililonse Mayi Bernadetta ankati Loweruka likubwerali ndikamuona Zefaniya. Loweruka likafika pankapezeka chifukwa, kaya matope, kaya kwaya, kaya msana. Chifukwa chenicheni ankachidziwa okha. Ankaopa maso a Sibongile.

Azungu aja sanaombe m'manja. Anadabwa kuti chaka cha njala chotere ufa ukutsala bwanji, ndipo anamutumizanso Ignasio. Anafika m'mawa wina pa basi, atavala jekete yopyapyala ya anthu a ku Lilongwe, mano akugundana.

"Mwana wanga, ku Dedza sabwera ndi malaya a ukwati," anamuseka Mayi Bernadetta, akumuthirira tiyi.

"Ndaphunzira, amayi. Tsono inu pitirizani ntchito monga mwa masiku onse, ine ndingoonerera."

Anakoka mpando n'kukhala pambali pawo. Mwana woyamba anali wa miyezi twente foro. Zala za Mayi Bernadetta zinathamanga, nambala inatuluka, ALANDIRE. Wachiwiri chimodzimodzi. Ignasio anagwedeza mutu, akumwa tiyi wake. Wachitatu anali kamtsikana ka miyezi thwelofu, kowonda ngati kamwana ka mbalame. Batani litadindidwa, pagalasi panabwera NaN, pansi pake ASALANDIRE.

Ignasio anaika kapu pansi.

"Ichi chimabwera kawirikawiri?"

"A Nani? Tsiku lililonse. Si nomo ameneyu?"

"Nomo? Anakuuzani ndani?"

A Gervazio, amene anaima pakhomo, anayamba kuyang'ana kudenga.

"Talembaninso, amayi," anatero Ignasio. "Koma pang'onopang'ono."

Ulendo uno sanayang'ane pagalasi, anayang'ana zala. Mayi Bernadetta anawongola msana monga anawaphunzitsira asisitere ali mtsikana, n'kulemba thwelofu. Chala cha mphete cha kudzanja lamanja chinagunda batani, kenaka chala cha kumanzere chinagunda thu.

"Imani pomwepo. Mwadinda chiyani poyamba?"

"Wani."

"Mwadinda elo, amayi. Chilembo. Elo wamng'ono."

"Eya, wani ameneyo," anatero Mayi Bernadetta, akumudabwa mnyamatayo. "Wani amalembedwa ndi elo wamng'ono. Taipilaita imene ndinaphunzirira ine inalibe batani la wani, ngakhale imene ndinagwiritsa ntchito zaka zonsezi. Asisitere ankatimenya zala ndi rula tikamalifunafuna. Taona pagalasipo, si wani ameneyo?"

Pagalasipo ankaonekadi ngati wani, kamzere koimirira kokhala ndi kaphazi. Ignasio anatambasula dzanja n'kuloza pakona ya kumanzere, pamwamba. Panali batani loyera bwino, lopanda ndi kadontho ka thukuta komwe, pamene anzake onse anali atada. Chibwerere makinawo, palibe chala chinalikhudzapo.

Ignasio anagwira mutu ndi manja onse awiri. Atayankhula, mawu ake anali a munthu amene akudziimba yekha mlandu.

"Kwa inu ndi kwa ine ndi wani, amayi. Kwa makina ndi chilembo. Katsambaka ndinakalemba m'chinenero china cha makompyuta chotchedwa Javasikiripiti. Chinenero chimenechi ukachipatsa chinthu choti si nambala n'kuchiuza kuti chiwerengere, sichikuwa, sichiima. Chimangolemba NaN, kutanthauza kuti ichi si nambala, n'kupitiriza ntchito ngati palibe chachitika. Ndipo NaN akalowa m'masamu, chilichonse chimene wakhudza chimasanduka NaN, ngati dontho la palafini mu ufa."

"Tsono bwanji amakana ana?" anafunsa a Gervazio, mawu atachepa.

"Chifukwa cha mmene ndinafunsira funso. Ndinalemba kuti nambala ya mwana ikachepera eyite, alandire, apo ayi asalandire. Koma NaN ukamufunsa kuti kodi ndiwe wochepera eyite, amati iyayi. Woposa eyite? Iyayi. Wofanana ndi eyite? Iyayi. Ngakhale kumufunsa ngati ali wofanana ndi iye mwini, amakanabe."

"Mboni yanji yokana ndi dzina lake lomwe!" anatero a Gervazio. Palibe anaseka.

"Pali kamzere kamodzi kamene ndikanaika," anapitiriza Ignasio, "kofunsa kaye ngati cholembedwacho ndi nambala, makina asanaweruze. Kamzere kamodzi basi. Sindinakaike. Sindinaganizeko kuti pali munthu amene angalembe wani ndi elo."

Kenaka nkhope yake inasintha.

"Mayo ine! Ndiye kuti mwana aliyense wa miyezi teni mpaka naintini. Aliyense. Ndi ena onse amene kulemera kwawo kunali ndi wani."

Mayi Bernadetta sanamve zonsezo. Ana a miyezi imeneyo ankawadziwa, ndi amene amakhala akusiya bere, amene njala imayamba kuwatola. Nkhope zawo zinayamba kubwera imodzi imodzi, koma ina inakankha zonse n'kuima patsogolo, ya mutu wopendekeka.

"Tasuntha," anatero Mayi Bernadetta kwa Ignasio.

Anafafaniza zimene zinali pagalasi. Anatukula kachala kakang'ono ka kumanzere n'kugunda batani loyera lija. Sikisitini. Seveni poyinti wani. Manambala amenewa sanafunike kuwayang'ana paliponse, anali atagona nawo masabata onsewa. Anadinda.

Panatuluka nambala yeniyeni, yotsika kwambiri. Pansi pake panali liwu lalifupi. ALANDIRE.

Anaimirira, analowa m'sitolo, n'kutuluka atanyamula thumba la likuni. A Gervazio anatsegula pakamwa, mwina kuti anene za malamulo, koma ataona nkhope ya mayiwo anangopatuka pakhomo. Kamtsikana ka miyezi thwelofu kaja kanali kakadali pamiyendo pa mayi ake.

"Ameneyonso mumupatse," anatero Mayi Bernadetta. "Ndi onse amene ali pabenchiwo."

Anakwera matola pamsika, kumbuyo kwa kagalimoto kodzaza ndi madengu a tomato. Atatsika pamphambano, anasenza thumba pamutu n'kuyamba kukwera mtunda. Zaka zinali zitapita chisenzereni katundu wotere, khosi linkalira, koma sanapume. Njira inali yoterera, ikudutsa m'minda ya mbatatesi. Njira yonse ankakonza mawu. Ndidzati mwana wanga, makina analakwitsa. Iyayi, ndidzati ndinalakwitsa ndine. Ndidzaphika ndekha phalalo, ndidzamumwetsa ndekha ndi sipuni, pang'onopang'ono, poti mwana wanjala samuthamangitsa. Ankapemphera Tikuoneni Maria, kulekeza pakati, kuyambiranso.

Atakhota pa mitengo ya bulugamu, pamene njira imalowera m'mudzi, anaima.

Panjira panali patayalidwa nthambi zamasamba aawisi, kuchokera mbali ina kufika mbali ina. Mwana aliyense wa m'dziko muno amadziwa tanthauzo la masamba panjira.

"Mudzi ndi waukulu," anadziuza okha. "Muli nkhalamba zambiri muno."

Koma miyendo inadziwa kale. Nyimbo ya amayi inkamveka chapansipansi, ndipo inkachokera kumene iwo ankapita.

Pabwalo, pansi pa mtengo wa pichesi, amuna anali atakhala pa timipando ndi pa miyala. Awiri ankakhoma bokosi. Linali laling'ono, abale, laling'ono zedi, loti munthu mmodzi n'kulinyamula m'khwapa. Mchimwene wawo, a Misheck, bambo a Sibongile, anadzuka n'kuwachingamira.

"Mwafika msanga, mlongo. Uthenga wakupezani? Tinatuma munthu pa njinga m'mawa."

"Tasemphana," anatero Mayi Bernadetta. 

"Watisiya m'bandakucha. Anasiya kudya masiku apitawa, ngakhale madzi ankangomubwerera." A Misheck anayang'ana thumba limene linali pamutu pa mlongo wawo, koma sanafunse. Anawathandiza kulitula n'kulitsamiritsa kukhoma. Kenaka anatola timatabwa tiwiri tokhomedwa mopingasa, ndi kachitini ka penti wakuda.

"Ambuye akutumani nthawi yabwino. Tonse pano zolemba zathu n'zokhotakhota. Inu ndi amene mumadziwa kulemba. Tilembereni dzina ndi zaka."

Akanakana bwanji? Anagwada pansi, mtanda uli pamaondo, kamtengo kosongola kali m'dzanja. Analemba ZEFANIYA, zilembo zowongoka bwino monga mwa luso lawo. Kenaka zaka. Chaka chobadwa chinkayamba ndi wani, chaka chomwalira chinkayambanso ndi wani. Anaviika kamtengo m'penti n'kukoka kamzere koimirira. Dzanja linaima pomwepo.

"Mwalemba bwino," anatero mkulu wina amene ankasuzumira. "Wani, naini, naini. Pitirizani, mayi."

Pathabwa panalibe wofunsa ngati ndi nambala kapena chilembo. Aliyense anawerenga bwinobwino. Misozi inagwera pa penti, ndipo anaipukuta ndi nsonga ya chitenje kuti isaononge dzina.

Atamaliza analowa m'nyumba. Munali mdima ndi utsi, amayi atakhala mothithikana pamphasa. Anawapatsa njira. Sibongile anali pakona, atatsamira khoma, pafupi ndi kathupi kokutidwa ndi nsalu imene ankamuberekera. Sankalira. Anali atalira mpaka mawu kutha.

Mayi Bernadetta anagwada patsogolo pake. Mawu onse amene anakonza m'njira anabalalika.

"Ndabwera ndi ufa, mwana wanga," ndi zimene zinatuluka.

Sibongile anatukula maso pang'onopang'ono.

"A Nani avomera?"

"Avomera."

"Lero."

"Lero." Mayi Bernadetta anatambasula dzanja lamanja n'kugwira chala cha mphete ngati akufuna kuchithyola. "Sanali makina, Sibongile. Chinali chala ichi. Chimadinda elo m'malo mwa wani. Chinazolowera kalekale, ine osadziwa. Mwana anali woyenera kulandira kuyambira tsiku loyamba lija. Chala ichi, mwana wanga."

Nyimbo inali italekeka. Amayi onse ankamvetsera, ngakhale za elo ndi wanizo palibe anazitola. Sibongile anachiyang'ana chalacho nthawi yaitali, kenaka anapukusa mutu. Sanakalipe. Bwenzi zili bwino akanakalipa.

"Chala chisiyeni, azakhali. Ine za zala sindizidziwa. Ine ndinamuika patebulo panu. Ndinati mumuyang'ane ndi maso."



Sibongile anakonza nsalu pamene inavundukuka, kubisa kaphazi kotupa kaja. Kenaka anayankhula kwa mayi amene anali pafupi ndi khomo.

"Ufawo apatseni ophika. Adzukulu akumba manda kuyambira m'mawa osadya kanthu."

Anaphikadi. Adzukulu atadya, phala lotsala anagawira ana a m'mudzimo, amene anabwera ndi timbale tawo n'kundanda kuseri kwa nyumba. Mayi Bernadetta anawaona ali pakhomo. Ena mwa iwo anawazindikira, anali atakhalapo patebulo lawo lija. Mayi wogawayo ankangoyang'ana mwana, n'kumuthirira.